Njerwa Ikapindika, Yang'anani Chikombole: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale ku Makata



Komiti idandipempha kuti ndinenepo za ntchito ya kompyuta. Ndasankhapo mbali imodzi yokha: kusaka cholakwika m'pulogalamu.

Lisp ndi chiyankhulo cholembera mapulogalamu chimene a John McCarthy adayambitsa ku MIT, ku America, m'chaka cha 1958. Emacs ndi pulogalamu yolembera ndi kukonzera mawu. A Richard Stallman adatulutsa GNU Emacs mu 1985, ndipo mbali yake yaikulu idalembedwa m'Lisp, kotero kuti munthu aliyense angathe kuiwonjezera zimene akufuna.

M'Lisp muli function ndi macro. Function ili ngati wantchito: mwampatsa manambala, iye wakubwezerani yankho. Macro ili ngati chikombole. Imatenga mawu amene mwalemba n'kuumba malamulo ena, ndipo malamulo oumbidwawo ndiwo amene kompyuta imatsata. Vuto lagona pamenepa, pakuti zimene mukuwerenga inu si zimene makina akuchita.

Tiyerekeze kuti msungichuma wathu ali ndi function yopereka nambala ya lisiti yotsatira. Wina walemba macro yosindikiza nambalayo pa lisiti ndi kuilembanso m'kaundula. Macro ija ikatchula function kawiri, lisiti lituluka ndi 7, m'kaundula mulowa 8, ndipo wotsatira alandira 9. Tsiku lowerengera ndalama, munthu wosalakwa atchedwa wakuba.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, gwiritsani ntchito macroexpand-1. Lamulo limeneli limakuonetsani njerwa imene yatuluka m'chikombole, ndipo mudzaona ndi maso anu function ija itaima pawiri.

Chachiwiri, m'Emacs muli chida chotchedwa Edebug. Mukaika cholozera pa function n'kudina C-u C-M-x, ulendo wotsatira pulogalamu idzaima pamenepo, ndipo podina batani lalitali la mpata mudzayenda nayo phazi ndi phazi, mukuona yankho la sitepe iliyonse. Koma chenjerani: Edebug sidziwa yokha kuti m'mawu opatsidwa kwa macro, malamulo oti atsatidwe ndi ati, nanga maina chabe ndi ati. Wolemba macro ayenera kuiuza ndi mawu akuti declare ndi debug. Akapanda kutero, Edebug imangolumpha osalowa m'katimo.

Chachitatu, konzani chikombole. Nambala itengedwe kamodzi n'kusungidwa pansi pa dzina latsopano lopangidwa ndi make-symbol, lomwe silingawombane ndi maina amene mwini pulogalamu adagwiritsa kale ntchito.

Chachinayi, chimene ambiri amaiwala: kuwongola chikombole sikuwongola njerwa zootcha kale. Mafayilo onse amene adadutsa mu compiler ndi macro yakale amasungabe cholakwika chija. Muwadutsitsenso, kenaka muyesenso malisiti atatu kapena anayi.

Achinyamata, Emacs ndi yaulere, ndipo imayenda ngakhale pa kompyuta yakale. Chimene ntchitoyi imafuna ndi mtima umene aphunzitsi athu adatiphunzitsa pa samu: kuonetsa njira, osati yankho lokha. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipempha a komiti kuti amene tili ndi luso limeneli tipatsidwe Loweruka limodzi pa mwezi kuti tizidzaphunzitsa ana athu pano.