Maina a pa Chikalata cha Madandaulo

Lero sindinena za mizere kapena za manyowa ai. Tikambe za chikalata cha madandaulo, chija anthu amalemba akafuna kuti Nyumba ya Malamulo imve kulira kwao, kaya ndi pa mtengo wa feteleza, kaya pa msika wa ADMARC, kaya pa minda imene tauni ilikudya ku Chinsapo ndi ku Area 25.

Mphamvu ya chikalata chotere ili m'maina. Phungu wanu akachinyamula, anzake adzayamba kufunsa kuti, kodi anthuwa alipodi? Akapezapo dzina la munthu amene tinamuika m'manda chaka chatha, kapena la mwana wa sukulu, adzakayika maina ena onse, ndipo feteleza uja sadzakambidwanso.

Nkhani yoyesa maina njakale. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa ndime 64, analola anthu kuchotsa phungu wao. Koma wodandaulayo anayenera kukhala wolembetsa kuvota m'dera lomwelo, ndi kutsimikizira bungwe loyendetsa zisankho kuti theka la olembetsa likufuna zomwezo. Ndimeyo inachotsedwa mu 1995. Mafunso ake ndiwo sanachoke: ndinu yani, ndipo ndinu wa kuti?

Tsono inu mafumu, chitani chotere. Chikalata chiwerengedwe mokweza pa bwalo, m'Chichewa, munthu asanalembe dzina. Pepala lopanda mau pamwamba musalole kuti liyende m'mudzi, pakuti mau adzalembedwa pambuyo ndi munthu amene simukumdziwa. Aliyense alembe yekha. Wosadziwa kulemba adinde chala chake, osati mwamuna kudindira mkazi wake ndi apongozi omwe. Pambali pa dzina palembedwe mudzi kapena dera, ndi nambala ya chiphaso cha unzika, chija a NRB analembetsa dziko lonse mu 2017. Chenjerani apa: chiphasocho munthu amalandira ali ndi zaka 16, koma kuvota kumayamba pa 18. Ngati chikalata chikunena kuti "ife ovota", wa zaka 17 ayembekeze.

M'tauni muli vuto lina. Munthu agona ku Biwi kapena ku Kawale, munda uli ku Mitundu. Wina wa lendi ku Mgona wasamukira ku Area 23 mwezi watha. Wotere alembe kumene dandaulo likumkhudza, ndipo alembe kamodzi kokha. Mfumu yomwe sikumdziwa ifunse mwini nyumba.

Chiphaso chenichenicho musapereke m'manja mwa wosonkhanitsa maina. Kuyambira 2020, pamene feteleza wotsika mtengo wa AIP anayamba kugulidwa ndi chiphaso, mavenda anatolera ziphaso za alimi, eni ake nkutsala opanda thumba. Muonetseni, alembe nambala mukupenya, chibwerere m'thumba mwanu.

Potsiriza mfumu iwerenge maina, ilembe chiwerengero chake pansi, idinde chidindo, ndipo isunge pepala lina lofanana nalo kunyumba.