SAYANSI PA WAILESI: KUSINTHA MAGIYA A GALIMOTO YAKALE

Khalani cete ndi kuchera khutu, pakuti lero tikamba za nchito ina imene amakaniko amagwira pa galimoto zakale.

Ena a inu mwaonapo galimoto yochedwa Peugeot 504. Inayamba kupangidwa ku France m'caka ca 1968, ndipo pambuyo pake inalumikizidwanso ku Kenya ndi ku Nigeria. Anthu anaikonda cifukwa ca kulimba kwake pa miseu ya fumbi. Galimoto imeneyi inali ya mitundu iwiri. Mu ina woyendetsa amasintha magiya ndi dzanja lake. Ina imasintha yokha, ndipo amaicha otomatiki. Mwini wa otomatiki nthawi zina amapempha makaniko kuti aisandutse ya magiya a dzanja. Kodi acitiranji cotero?

Tiyambe tamvetsa nchito ya giya. Yerekezani magudumu awiri a mano olumana. Laling'ono lili ndi mano 10, lalikulu lili ndi mano 30. Kuti lalikulu lizungulire kamodzi, laling'ono liyenera kuzungulira katatu. Liwiro lacepa katatu, koma mphamvu yotembenuza yakula katatu. Ndico cifukwa cake galimoto imanyamuka ndi kukwera phiri pa giya yoyamba, ndipo imathamanga pa cigwa ndi giya yotsiriza.

Pakati pa injini ndi magiya payenera kukhala comangira ndi kumasula. M'galimoto ya magiya a dzanja nchitoyi ndi ya kilachi, mbale imene imafinyidwa pa gudumu lolemera la injini. Woyendetsa akaponda kilachi, mbaleyo imamasuka, ndipo amalowetsa giya ina. Mu otomatiki mulibe kilachi yoponda. Muli ciwiya codzala ndi oilo, cokhala ndi magudumu a mapiko oyang'anizana. Lina likazungulira limakankha oilo, oiloyo ndi kuzunguza linzake.

Tsono mverani zifukwa zosinthira. Coyamba, batire ikafoka pa ulendo, anthu angathe kukankha galimoto ya magiya a dzanja mpaka injini italira. Otomatiki zambiri sizilira mwa kukankha, popeza pampu ya oilo imayenda pokhapo injini ikulira. Ganizani za wodwala amene ali kutali ndi cipatala usiku! Caciwiri, otomatiki zakale za magiya atatu zinali kumwa petulo wambiri. Cacitatu, magiya a dzanja ndi osavuta kukonza, ngakhale kwa makaniko wa kumudzi.

Nchito yake si ya masewera. Makaniko amayamba wamasula batire ndi kukhazika galimoto pa zocirikiza zolimba. Munthu wanzeru salowa pansi pa galimoto imene yaimikidwa pa jeke yokha, pakuti ikagwa imapha. Kenaka amacotsa bokosi la magiya pamodzi ndi ciwiya ca oilo cija. Kumbuyo kwa injini amapezako citsulo copyapyala. Amacicotsa ndi kumangapo gudumu lolemera lija, limene amalicha flywheel. Pa ilo amamangirira kilachi, ndipo pambuyo pake bokosi la magiya a dzanja.

M'kati mwa galimoto zopondera zinali ziwiri, ca mafuta ndi ca buleki. Tsopano ziyenera kukhala zitatu. Amaikanso ndodo yosinthira magiya. Kawirikawiri mabokosi awiriwa amasiyana utali, cotero citsulo cotumiza mphamvu ku magudumu a kumbuyo cimafunika cina coyenerana. Potsiriza amakonza mawaya. Otomatiki ili ndi swichi yoletsa injini kulira pamene galimoto ili m'giya. Mawaya a swichiyo akapanda kulumikizidwa bwino, injini siidzalira konse, ndipo nyali yobwerera m'mbuyo siidzayaka.

Komabe mwini ayenera kuganiza bwino asanayambe. Zitsulo zake ndi za mtengo wapatali, ndipo njira yapafupi ndiyo kuzitenga zonse ku galimoto yakufa ya mtundu womwewo. Ndiponso anthu okonda galimoto zakale amafuna kuti ikhale monga inacokera ku fakitale. Cotero ndi bwino kusunga zitsulo zocotsedwazo, ndi kudziwitsa a inshuwalansi za kusinthako.

Aphunzitsi, phunziroli likatha, thandizani ana kupanga tizunguli tiwiri ta pepala ndi kutiyang'anitsa pafupi. Mwana mmodzi auzire mpweya kupyola pa koyamba, ena aone ngati kaciwiri kagwedezeka. Ngati pali njinga pafupi, awerenge mano a magudumu awiri a cheni.

Ana inu, lembani mafunso awa m'mabuku mwanu:

1. Gudumu la mano 12 liyendetsa la mano 48. Lizungulira kangati kuti lalikulu lizungulire kamodzi?
2. Nchito ya kilachi ndi yotani?
3. Cifukwa ninji nkoopsa kulowa pansi pa galimoto ya pa jeke yokha?

Tidzamva mayankho anu sabata la mawa pa nthawi yomweyi. Tsalani bwino.