Sukulu Yabwino Tidzaidziwa Bwanji? Mau a pa Msonkhano wa Nthambi



Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka ku MANEB, bungwe la mayeso lija la ku Zomba, timamva kuti sukulu yakuti yakhoza, yakuti yagwa. Pompo timayamika aphunzitsi kapena kuwanyoza. Ine ndikuti muyeso umenewu ngoperewera.

Tiyerekeze kuti sukulu yalembetsa ana 40 ndipo 38 akhoza. Tiomba m'manja. Koma pamene ana amenewa ankayamba Sitandade 1 anali angati? Kapena 150. Nanga enawo ali kuti? Ena ali ku ganyu, ena akusoka fodya, asungwana ena ali pa banja, mwana kumbuyo. Mayeso sawawerenga amenewa. Ndiponso alipo aphunzitsi aakulu ena amene amabweza mwana wofooka mu Sitandade 7 kuti asaipitse mbiri ya sukulu. Nchimodzimodzi wogulitsa matimati amene aika aakulu pamwamba pa dengu.

Kuchuluka kwa maina m'kaundula nakonso kumanyenga. Mu 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, ana anachuluka kuchokera pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino ndithu. Koma mu 2007 kafukufuku wa SACMEQ anayesa kuwerenga kwa ana a Sitandade 6 m'maiko a kuno kumwera ndi kum'mawa kwa Afirika, ndipo ana a Malawi anapezeka pansi penipeni.

Tsono inu amene muli m'komiti ya sukulu, nchito yanu siiri kuumba njerwa kokha ai. Pemphani kaundula mwaulemu, muwerenge ana kalasi ndi kalasi, anyamata paokha, asungwana paokha, muone pamene ayamba kuchepa. Kenaka lowani mu Sitandade 4, mpatseni mwana wokhala kumbuyo buku la Chichewa, awerenge inu muli kumva. Ngakhale agogo osadziwa "a" angathe kuzindikira mwana wowerenga ndi mwana wongoloweza.

Musapite ngati apolisi. Boma linaika cholinga cha ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Mukapeza mmodzi ali ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo wa mango, mlandu suli wake. Lembani chiwerengerocho, mubwere nacho ku msonkhano wa mwezi wa mawa, kuti Mlembi wathu akachitule kwa alangizi a sukulu ku zoni.