Mfumu Yaludzu ndi Citsulo ca Tantalum

Agiriki akale anali ndi nthano ya mfumu ina, dzina lace Tantalus, imene inacimwira milungu. Anaiimika m'dziwe, madzi olekeza m'cibwano, zipatso zirikulendewera pamutu pace. Ikawerama kuti imwe, madzi anali kuphwa. Ikatambasula dzanja, mphepo inali kukankhira nthambi kutali. Amene anagwirapo nchito pansi pa mgodi, m'malo otentha, adziwa kuwawa kwa ludzu lotere. Homer anasimba cilangoci m'buku la Odyssey, ndipo nthanoyo sinaiwalike.

M'caka ca 1802 katswiri wa ku Sweden, Anders Ekeberg, anapeza citsulo cacilendo m'miyala. Anamiza ufa wace m'asidi, mankhwala aukali osungunula zitsulo, koma ufawo sunamwe konse. Pamenepo anakumbukira mfumu yaludzu ija, nacicha tantalum. Mu 1844 Heinrich Rose wa ku Germany anazindikira kuti m'miyala yotero mubisala citsulo cinanso, cobvuta kucilekanitsa ndi cinzaceco. Ici anacicha niobium, pakuti Niobe anali mwana wamkazi wa Tantalus.

Lero tantalum akumbidwa ku Congo ndi ku Rwanda, ndipo kacidutswa kace kali m'mafoni ambiri a m'manja.