Wofunsira Ntchito Nayenso Ali ndi Ufulu

Mawu oyankhulidwa pamsonkhano wa achinyamata ku Lungwena



Mtsikana wina wa kuno ku Lungwena, amene anaphunzira kupanga mapulogalamu a pakompyuta, anaitanidwa ku mayeso a ntchito ndi kampani ina ku Blantyre. Bambo ake anagulitsa usipa kuti mwanayo apeze ndalama yoyendera. Atafika, anadikira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mafunso oyamba sanakhudze luso lake. Anamufunsa ngati ali pabanja, ndiponso ngati adzavula hijabu akalembedwa ntchito. Kenaka anamupatsa pulogalamu yoti apange kwa sabata yathunthu, popanda malipiro. Mpaka lero sanamuyankhe.

Gawo 5 la lamulo la Employment Act la mu 2000 limaletsa kusala wofunsira ntchito chifukwa cha chipembedzo, kukhala pabanja kapena kukhala mkazi. Choncho achinyamata azisunga kalata yowaitana, azilemba mafunso amene afunsidwa, ndipo akasalidwa azikadandaula ku ofesi ya zantchito ku Mangochi boma.

Nawonso olemba ntchito akumbukire kuti kudziwitsa munthu amene sanapambane mayeso ndi ulemu wosalira ndalama.