KUGONA PA MACILA M'NYENGO YA CISANU



Madzulo ano tikambe za macila. Sindinena macila aja amene azungu a boma ananyamulidwamo kale pa mapewa a anthu ai. Ndinena nsalu yolimba imene munthu amanga pakati pa mitengo iwiri, nagonamo pamene ali ku thengo. Magonedwe amenewa ngakale ndithu. Pamene Christopher Columbus anafika ku zisumbu za Caribbean m'caka ca 1492, anapeza eni dziko, anthu a mtundu wa Taino, alikugona motero. Ndipo pambuyo pake amalinyero a ku Ulaya anatengera mwambowo m'zombo zao. Masiku ano macila otere asokedwa ndi nsalu yopepuka ya nailoni, kotero kuti munthu wopita kukawedza ku Kafue pa Loweruka akhoza kuwaika m'kathumba.

Koma tisaiwale kuti macila anacokera ku maiko otentha, kumene kamphepo kopita kunsi kwa munthu kamgonetsa bwino. Kuno m'miyezi ya June ndi July nkhani njina. Dziko la ku migodi liri pamwamba, kupitirira mamita 1,200 kucokera pa nyanja yamcere. Usiku kulibe mitambo, ndipo kutentha kwa nthaka kuthawa msanga. Tsono mpweya wozizira ngolemera. Utsikira m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje, kumene komwe msodzi afuna kugona.

Apa mvetsetsani. Bulangete liribe moto wake-wake. Cimene citifunditsa ndi mpweya wokodwa pakati pa ubweya wake, umene usunga kutentha kwa thupi lathu. Munthu akaligonera alipsinja, mpweya uja nucoka. Wogona pansi athandizidwa ndi mphasa ndi udzu umene wayala. Koma wa pa macila ali ndi kansalu kopyapyala kokha, ndipo mphepo iyenda kunsi kwake usiku wonse. Ndico cifukwa cake munthu wofunda mabulangete atatu pamwamba adzuka tambala asanalire, msana uli zii.

Mankhwala ake ndi awa. Tengani bulangete limodzi, mulimange ndi zingwe pa ngondya zake zinai, lilendewere kunsi kwa macila, kunja kwake. Likhudze macilawo popanda mpata wolowera mphepo, koma lisakokeke kolimba, kuti kulemera kwanu kusalipsinje. M'masitolo mupezeka cofunda cosokedwera nchito yomweyi, cimene pa Cingerezi acicha underquilt. Ngati simungathe kutero, yalani kamatiresi ka siponji m'kati mwa macila, kotambalala kufikira mapewa onse awiri, pakuti mapewa ndi ciuno ndizo ziyamba kuzizidwa.

Sankhaninso malo mwanzeru. Kwerani pa mtunda pang'ono, pakati pa mitengo yamoyo, kutali ndi njira za mvuu. Pamwamba kungani cinsalu cosalowa madzi cakuchinga mame, ndipo mucitsitse kwambiri mbali ya kum'mwera ca kum'mawa, kumene mphepo ya miyezi imeneyi icokera kawiri-kawiri. Bvulani zobvala zonyowa ndi thukuta kapena madzi, mubvale zouma, pamodzi ndi cipewa ca ubweya ndi masokosi. Musagone ndi njala, pakuti nsima ndiyo nkhuni za thupi. Botolo lolimba la madzi ofunda, lotsekedwa bwino ndi kukulungidwa m'nsalu, lithandiza ku mapazi.

Pali zinthu ziwiri zonyenga. Coyamba ndi mowa: utsegula mitsempha ya pa khungu, munthu namva ngati wafunda, pamene kutentha kwa thupi kulikutayika msanga. Caciwiri ndi mbaula. Makala oyaka pa malo otsekeka atulutsa mpweya waululu wosaoneka ndi wosanunkha, umene upha munthu ali m'tulo. Ndiponso nailoni isungunuka ndi kamoto kakang'ono. Moto ukhale poyera, patali ndi macila.

Potsiriza, yang'aniranani. Thupi la munthu likhala pa madigiri 37. Likatsika kunsi kwa 35, moyo uli pa ngozi. Mukaona mnzanu alikunjenjemera kosaleka, lilime lalemera, ndipo nzeru zasokonezeka, musamsiye agone. Mbvuleni zonyowa, mumfunde, mumpatse tiyi wa shuga ngati akhoza kumeza, ndi kufulumira naye ku cipatala.

Kwa lero ndalekeza pamenepa. Tsalani bwino.