KUKONZA NYUMBA YAKALE KUMAYAMBIRA PANSI

Mafumu, anyakwawa ndi eni mabanja a m'maiko a Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Nsefu, Malama ndi Msoro: nkhani ya lero ndi ya nyumba yakale imene ifuna kukonzedwa.

Mlimi akagulitsa thonje lace, kawirikawiri athamangira ku Chipata kukagula malata. Pofika kumudzi asasula udzu, ndipo apeza kuti mapaso ali fumbi lokhalokha, nsici zatha pansi, ndi khoma lapendekeka. Ndalama zatha, mvula yayandikira, banja ligona m'khicini. Cifukwa cace ncakuti anayambira pamwamba, pamene matenda a nyumba ali pansi.

Mdani woyamba ndiye ciswe. Ciswe cimadya mtengo m'kati ndi kusiya khungu looneka labwino. Mwini nyumba agogode nsici ndi phaso liri lonse ndi mpini wa nkhwangwa; mtengo ukalira ngati ng'oma, watha. Akumbenso pang'ono patsinde pa nsici, pakuti mpamene kuola kuyambira. Mtengo wa tsanya ulimba ku ciswe koposa mitengo yambiri, koma asanadule ayambe wafunsa kwa mfumu ndi kwa a Nkhalango za cilolezo.

Mdani waciwiri ndi nthaka. M'malo ambiri a cigwa ca Luangwa muli makande, dothi lakuda limene limatupa m'dzinja ndi kung'aluka m'malimwe. Nyumba yomangidwa pamenepo imayenda pamodzi ndi dothilo. Mng'alu wa pakhoma umatidwe ndi dothi, ndipo upenyedwe masabata angapo. Ukatsegukanso, ndiye kuti maziko ali kuyenda, ndipo mbali imeneyo iyenera kugwetsedwa ndi kumangidwanso pa maziko akuya.

Mdani wacitatu ndi madzi. Anthu a ku Mfuwe akumbukira cigumula ca mwezi wa Febuluwale 2007, pamene Luangwa anasefukira ndi kulowa m'minda ndi m'midzi. Zidina zikakhala m'madzi zimasungunuka kunsi, ngakhale pamwamba pazioneka polimba. Cotero mizere ya pansi ikhale ya njerwa zoocha, khonde likwezedwe ndi dothi lotsendereza, ndipo pakumbidwe ngalande yocotsa madzi a padenga. Nyumba imene madzi aifikira caka ndi caka njosayenera kutayirapo ndalama. Nkwabwino kupempha malo okwera kwa nyakwawa.

Palinso mabvuto ena amene adzidzimutsa ambiri. Simenti sigwira bwino pakhoma la dothi. Imafufuma ndi kugwa m'zigamba, ndipo thumba lonse la makilogalamu 50 lipita pacabe. Khoma la dothi limatidwe ndi dothi losanganiza ndi mcenga, kenaka lipakidwe njereza. Ming'alu yonse itsekedwe, cifukwa ndimo mubisala nsikidzi ndi zinkhanira. Posasula udzu wakale ana akhale kutali, pakuti njoka ndi mabvu zimakhala m'tsindwi.

Khoma likalimba, ndiyo nthawi ya malata. Malata apepuka koposa udzu, ndipo mphepo ya mvula yoyamba imawanyamula msanga. Mitanda imangidwe ndi waya wolowa m'khoma mizere ingapo kunsi. M'mwezi wa Okutobala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, cotero nyumba ya malata ifuna mazenera openyana ndi mphasa zoyalidwa kunsi kwa denga.

Nchito yonseyi iyambe m'Juni kapena m'Julayi, kuti ithe mvula isanagwe ndipo isalande masiku a kusosa m'munda. Mwini nyumba asunge gawo la ndalama cifukwa ca zobisika zimene zidzaoneka pogumula, ndipo asagulitse cimanga kapena mapira a m'nkhokwe kuti atsirize denga. Ndalama zikacepa, akonze maziko ndi khoma caka cino, afolere ndi udzu watsopano, malata adzagula caka ca mawa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.